Nyumba Imene Khwangwala Anaiona

Padangokhala, kalekale nyama zikadasankha aphungu ndi kuzengana milandu pabwalo, padali Sakhwi. Inu muziti tili tonse, ngakhale chamumtima.

Sakhwi ameneyu anali mayi wamasiye, kathupi kochepa, kamphuno katali, koma mawu ake ankamveka mpaka mudzi wachitatu. Ntchito yake inali yoyambitsa nyimbo. Pakakhala msonkhano wa phungu, amayi ankavina mozungulira, iye ali pakati kuponya mawu, enawo n'kumavomera. Malipiro ake inali nsalu ya chipani, imene ankamulonjeza chaka ndi chaka.

Phungu wa deralo anali Khwangwala. Masiku amenewo Khwangwala anali wakuda bii, kuyambira kumlomo mpaka kumchira, wopanda ndi kadontho komwe koyera. Ankayenda monyang'wa, mapiko kumbuyo, ndipo ukamuitana osayamba ndi mawu oti "Olemekezeka," ankakhala ngati sanamve. Mnzake wa ponda apa nane mpondepo anali Nguluwe, mpondamatiki wa m'deralo, mwini nkhokwe zambirimbiri. Chisankho chikayandikira, chimanga chogawa pamisonkhano ya Khwangwala chinkachokera m'nkhokwe zimenezo.

Mkazi wa Nguluwe anali Njiri. Nguluwe anamutenga chitengwa ali mtsikana, iye mwini ali ndi khasu limodzi lokha lakutha. Njiri analima chogwada, kupalira chogwada, kukumba mbatata chogwada, mpaka maondo ake anauma gwa ngati khungwa. Nkhokwe zija zinadzaza ndi maondo amenewo.

Chaka china kunagwa njala. Nguluwe anatseka nkhokwe zonse, n'kulamula kuti pasatuluke ndi chitsononkho chomwe. Njiri sankatha kupatsa munthu kanthu poyera. Koma akafuna kupeta mphale ankapita kuseri, pafupi ndi kanjira ka Sakhwi, ndipo dzanja lake, limene linkalidziwa bwino lichero, masiku amenewo linkachita ngati la mwana wongophunzira kumene. Misere inkagwa yambiri. Akatha ankalowa m'nyumba osacheuka. Sakhwi sanathokoze ndi pakamwa, koma ana a Sakhwi anapulumuka chaka chimenecho.

Chuma chitachuluka, Nguluwe anayamba kuwaona maondo a mkazi wake.

"Taonani maondowo," ankatero. "Ndingapite nanu kuti inuyo? Anzanga aziti ndatenga wa ganyu?"

Chilungamo chake n'chakuti anali atapeza Gwape, wamiyendo yowonda, wosadziwa kumene amagwira khasu.

Tsono mwambo unali wakuti mwamuna asanasudzule mkazi, ayambe wamumangira nyumba kwawo kwa mkaziyo, kuti pochoka akhale ndi polowera iye ndi ana. Nguluwe anatuma anyamata ake kwawo kwa Njiri. Anyamatawo anakazika mitengo inayi, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke.

Nkhani inafika pabwalo mvula itangoyamba. Woweruza anali Njati, mkulu wolemera thupi, amene ankamva milandu akubzikula. Nkhoswe ya Njiri, amene anali mlongo wake, inaimirira.

"Bwana woweruza, kulibe nyumba kumeneko. Kuli mitengo inayi, ndipo umodzi chiswe chauyamba kale."

"Ndili ndi mboni," anatero Nguluwe, osatekeseka.

Khwangwala anadzuka, kukonza nthenga, kutsokomola pang'ono.

"Ine monga phungu wanu ndimauluka dera lonseli, chifukwa mavuto anu sandigonetsa tulo. Nyumba imeneyi ndinaiona ndi maso angawa. Inamangidwa chilimwe chatha. Mpaka ndinatera pakhonde pake n'kupumapo."

"Mwanama!" anakuwa mlongo wake wa Njiri.

Khwangwala anangoyang'ana kumwamba.

"Olemekezeka, mwanama!"

Apo ndiye anamva. Anatambasula mapiko, n'kufunsa bwalo ngati munthu wosankhidwa ndi anthu angatukwanidwe chotere pagulu.

Njati anameza zimene ankabzikula. "Kunena phungu kuti wanamiza bwalo si nkhani yaing'ono. Bwalo lidzapita kukaona lokha. Koma bwalo siliyenda m'matope. Tidikire anthu akolole. Pakadali pano mawu a olemekezeka ndiwo ali pamwamba. Mayi, banja latha. Nyamukani mukalowe m'nyumba yanu."

Njiri anasenza mphasa ndi miphika, ana pambuyo, ulendo wa kwawo, kumene anakapanikizana m'khitchini ya mlongo wake, yodontha paliponse.

Ubwino wa kuchepa thupi ndi wakuti anthu akuluakulu sayang'ana pansi akamayankhula. Potuluka pabwalo, Sakhwi anali pafupi ndi mapazi a Nguluwe.

"Nanga akadzapitadi masika?" anafunsa Khwangwala chapansipansi.

"Tidzati inagwa ndi mvula, achimwene. Nyumba ya dothi ndi udzu ikagwa siisiya mboni."

Awiriwo anaseka, kumenyana m'manja. Sakhwi anapita kwake. Anaganiza zokanena kwa Njati, koma anadzifunsa yekha: ngati mawu a nkhoswe yathunthu anapepuka pamaso pa phungu, a mayi wamasiye woimba pamisonkhano angalemere bwanji? Anakhala pakhomo nthawi yaitali. Kenako anati chamumtima: "Ngati ya dothi imagwa ndi mvula, ndiye tiwapatse yosagwa." Ndipo anayamba kung'ung'udza kanyimbo katsopano.

Sipanapite nthawi, Khwangwala anaitanitsa msonkhano pamsika. Sakhwi anaiponya nyimbo ija. Inali yotamanda maso a phungu, akuti amaona kutali kumene ena onse saonako, ndipo ikafika kumapeto inkafunsa phunguyo kuti anaonanso chiyani, amayi n'kuvomera ndi funso lomwelo kawiri, akuomba m'manja. Inali yokoma mwakuti ngakhale ogulitsa tomato anasiya malonda. Khwangwala anatupa ngati chule.

Nyimbo itatha, Sakhwi anakagwada patsogolo pake.

"Olemekezeka, pepani, ine ndi wanu. Koma kunja kuno kuli anthu amiseche."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mnzanu uja, mpondamatiki wathunthu, anamanga kanyumba ka zidina ndi udzu. Akuti inuyo, ndi suti yanu yakudayi, munakakhala pakhonde la dothi ngati wogula nkhuku."

"Ndani akunena zimenezo?"

"Sindingatchule, bwana. Ine ndi wamasiye."

Khwangwala anadumphira patebulo. "Tamverani, anthu anga! Ine sindikhala pakhonde la dothi. Nyumba imene ndinaiona ndi ya njerwa zootcha! Denga lake malata okhaokha, oti mvula ikamagwa simumvana m'katimo!"

Nthungululu zinalira. Sakhwi anaiyambanso nyimbo, koma tsopano inali ndi ndime yatsopano, ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo pamapeto pake funso lija linabweranso.

Anthu akubalalika, Sakhwi anakumana maso ndi Njiri. Njiri anali ataima kumapeto kwa msika ndi mtolo wa nkhuni zogulitsa, ndipo anali atamva zonse.

"Mayi Sakhwi, nanunso?"

"Nyimbo ndi ntchito yanga, achemwali."

Sakhwi analakalaka kumuuza zonse pomwepo, koma nkhope ya Njiri sinkadziwa kubisa kanthu. Akadangomwetulira kamodzi pamsika, Nguluwe akadamva tsiku lomwelo.

Njiri anapisa dzanja m'mtolo, n'kutulutsa kachidutswa ka nzimbe kamene anasungira ana.

"Mawu asasa. Tafunani aka."

Anasenza nkhuni zake n'kumapita. Sakhwi anaidya nzimbe ija, koma sinatsekemere.

Msonkhano wachiwiri unali wotsegulira chitsime. Chitsime chake chinali chomwe chija Khwangwala anatsegulira chisankho chapitacho, kungoti tsopano anali atagula chingwe chatsopano. Sakhwi anaponya nyimbo, amayi anavomera, ndipo funso litamveka kawiri anakagwadanso.

"Olemekezeka, amiseche aja sakugona."

"Akutinso chiyani? Malata ndinawauza!"

"Malata avomera, bwana. Koma akuti m'katimo muli mdima ngati mu uvuni wa njerwa. Akuti pansi ndi fumbi lokhalokha, munatulukamo mukuyetsemula."

"Ine kuyetsemula?" Khwangwala anatembenukira kugulu. "Mawindo agalasi mbali zonse! Pansi simenti, yoterera mwakuti ntchentche ikaterapo imagwa chagada! Khitchini payokha, bafa payokha, chitseko cha thabwa chokhala ndi loko!"

"Loko!" anakuwa amayi, nthungululu zili pakamwa.

Nyimbo inatalika. Inachoka pamisonkhano n'kulowa m'makomo. Amayi ankasinja nayo, ana ankadumpha nayo chingwe, ndipo mkazi wa Njati, amene anali ndi mawu okoma ndithu, ankaiimba kuyambira potsuka mbale mpaka popala moto.

Inafikanso m'makutu a Nguluwe. Zimene anauzana awiriwo Sakhwi sanazimve, koma anaona zotsatira zake. Pamsonkhano wachitatu Khwangwala anayankhula za mlatho, za feteleza, za sukulu ya ana a mbewa, koma za nyumba sanatchule. Sakhwi atagwada, iye anatukula phiko.

"Nkhani imeneyo ili kubwalo. Sindiyankhapo kanthu."

"Koma Olemekezeka, amiseche..."

Khwangwala anawerama, n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, mutu atapendeketsa. Anayankhula motsitsa kuti ena asamve. "Iwe Sakhwi, ukudziwa zimene ndinkadya ndisanakhale phungu?"

Sakhwi ankadziwa kuti Khwangwala ankadya tinyama tating'ono ngati iye. Anabwerera chambuyo, kukafika pakati pa amayi, n'kukhala pansi. Amayi ataona kuti woyambitsa wakhala, nawonso anakhala. Ng'oma inaleka. Pamsonkhano panangoti zii.

Khwangwala anapitiriza kuyankhula. Ananena kuti adzabweretsa mvula yosaononga mbewu. Palibe anaomba m'manja. Ananena kuti m'dera lake simudzakhalanso udzudzu. Wina anangotsokomola. Phungu amatha kupirira njala, amatha kupirira kutukwanidwa, koma msonkhano wopanda nthungululu umamuwawa ngati chitsa cha m'phazi.

Nthawi yomweyo pamsewu pankadutsa Kakowa, woyera mbee, amene ankafunanso mpando womwewo pachisankho chikubweracho. Sakhwi analoza kamphuno kake komweko, n'kuyamba kuyankhula ndi mayi amene anakhala naye pafupi, mokweza pang'ono pokha.

"Akuti kwawo kwa a Kakowa nyumba zimakhala zoyera ngati iwo omwe, nkhokwe zili kuseri. Akuti ija ya mnzawo wa a phungu ndi yofiira ngati chulu, yopanda ndi nkhokwe yomwe. Kaya ana a Njiriwo azidya malata."

Amayi onse anatembenuka kuyang'ana Kakowa. Mmodzi anayamba kukonza nsalu m'chiuno ngati akufuna kudzuka.

Khwangwala anayesetsa. Anatseka mlomo, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana pansi. Kenako zinaphulika.

"Yofiira? Ndani wati yofiira? Makoma ake ndi opaka laimu, oyera kuposa mbalame imeneyo! Anapaka chilimwe chomwecho, ine ndikuona! Nkhokwe zilipo ziwiri, zodzaza mpaka kudenga!"

Sakhwi anadzuka. Ng'oma inalira. Tsiku limenelo amayi anavina mpaka fumbi linakwera, ndipo nyimbo inalandira ndime yake yomaliza, ya laimu ndi nkhokwe.

Anthu atakolola, Njati anaitanitsa bwalo.

"Kunyumba kwanga kulibe mtendere," anatero. "Akazi anga akusinja ndi nyumba imeneyi, kuphika ndi nyumba imeneyi, ayamba kufunsa chifukwa chake yathu ilibe loko. Ine ndikufuna ndikaione."

Nguluwe anaimirira ndi nkhope yachisoni. "Bwana woweruza, mukudziwa inu nomwe mvula ya chaka chino mmene inagwera. Nyumba ija..."

"Yatani? Mvula yasungunula malata? Yamwa simenti?"

Nguluwe anakhala pansi.

Njati anatembenukira kwa Khwangwala. "Olemekezeka, pano munangoti munaona nyumba. Zinazi tamva m'nyimbo. Tsono bwalo likufunsa: zimene ikunena nyimboyi ndi zimene munaona, kapena pamisonkhano mumangoyankhulapo?"

Khwangwala anayang'ana uku ndi uku. Amayi onse a m'deralo anali atakhala pamphasa, maso ali pa iye. Kakowa anali ataima kumbuyo ndi mwendo umodzi, akudikira. Chisankho chinali pafupi.

"Ine sindiyankhula zinthu ziwiri," anatero Khwangwala. "Zimene ndinanena pamsonkhano ndi zomwezo."

"Zikomo. Mwezi ukaoneka tinyamuka. Ndipo mukudziwa lamulo, poti munalipanga ndinu: mboni yonamiza bwalo imatula pansi udindo."

Madzulo ake Sakhwi anakabisala pansi pa nkhokwe ina ya Nguluwe, poti ankadziwa kuti pakhala zomva.

"Achimwene, mangani," anatero Khwangwala.

"Ndimange chiyani? Ine ndinakutumani dothi ndi udzu! Magalasi mwawatenga kuti? Loko mwamutenga kuti?"

"Anthu amafunsa, ine ndikanatani?"

"Mukanatseka chimlomo chanucho! Chimanga changa chonse chija mumadya, kuti muzindimangira nyumba ndi pakamwa?"

"Tamverani bwino, mkulu wanga. Ine ndikagwa sindigwa ndekha. Ndidzanena amene anandituma, ndi matumba amene anandipatsa, ndi tsiku lake. Mboni imatula udindo. Wogula mboni sindikudziwa kuti amatula chiyani, mwina nkhokwe zonse."

Nguluwe anapuma ngati mvukuto. "Tsono munati chiyani ndi chiyani? Tatchulani ndimve."

"Aa, ine ndingakumbukire? Za pamsonkhano munthu amasunga? Funsani nyimbo."

M'mawa mwake ntchito inayamba kwawo kwa Njiri. A Chiswe anabwera kudzamanga makoma, Nanchengwa anabwera kudzakhoma denga, ndipo onse ataona kuti bwana ali pachangu, mitengo yawo inakwera ngati utsi. Nkhokwe za Nguluwe zinayamba kutseguka imodziimodzi. Poti panalibe amene ankakumbukira bwino zofunika, Nguluwe mwini wake anatuma mthenga kwa Sakhwi kuti abwere ndi amayi aziimba, amisiri azitsatira.

Sakhwi anabwera mwaulemu wake. Anaimba za njerwa, njerwa zinaotchedwa. Anaimba za malata, malata anakhomedwa. Anaimba za magalasi, simenti, khitchini, bafa, loko ndi nkhokwe ziwiri zodzaza. Koma mawu a laimu anawameza. Tsiku ndi tsiku akafika pamenepo ankalumpha, ndipo amayi ovomera amangotsata woyambitsa. Nguluwe sankapita kumisonkhano, Khwangwala sankasunga zonena zake, choncho palibe anazindikira.

Njiri ankaona zonsezi ali pakhomo pa mlongo wake, osamvetsa. Koma dzuwa likatentha ankatunga madzi n'kukapatsa amisiri, ngakhale anyamata omwe aja amene anazika mitengo inayi. Akafika pamene panali Sakhwi ankaika chikho pansi n'kupitirira.

Mwezi unaoneka. M'mawa wa tsiku lobwera bwalo, nyumba inali itaima, yofiira bwino, Nguluwe akuizungulira, atawonda ngati wadwala. Sakhwi anasonkhanitsa amayi kuti ayeserere komaliza. Ulendo uno anaimba yonse, ndipo pa laimu anakweza mawu.

Nguluwe anaima. "Laimu? Laimu wanjinso?"

"Si uja ananena Olemekezeka pamaso pa a Kakowa? Oyera kuposa mbalame imeneyo. Pepani bwana, ukalamba, masiku onsewa ndimangoiwala. Koma akazi a woweruza amaikonda kwambiri ndime imeneyi."

Mukadaona chipwirikiti chake! Wina kuthamangira laimu, wina madzi, wina kumanga udzu wopakira. Nguluwe anagwira yekha ntchito, koyamba chichokereni Njiri. Anaitana Gwape, amene anabwera kudzaonerera, kuti amugwirire ndowa.

"Ine ndowa?" anatero Gwape. "Munandiuza kuti kwanu sindidzagwira kanthu." Anayang'ana nkhokwe ziwiri zodzaza zimene sizinali zake, anakumbukira zopanda kanthu zimene zinatsala kwa Nguluwe, n'kunena kuti akukaona azakhali ake odwala. Mpaka lero akuwaonabe.

Anamaliza kupaka fumbi la gulu la Njati likuoneka kale panjira.

Khwangwala anatera patsogolo pa onse, mapiko kumbuyo. "Bwana woweruza, anthu anga, nachi chitukuko chimene ndimanena! Ena amati phungu wanu ndi wabodza. Lero manyazi awagwire!"

Njati anayendera zonse pang'onopang'ono. Anagogoda njerwa, anasuzumira pawindo, anaponda simenti n'kuterereka pang'ono, anatsegula loko n'kutsekanso kawiri, akazi ake akumuyang'ana. Anasuzumira m'nkhokwe. Zonse zinalipo. Mlongo wake wa Njiri, amene ananena phungu kuti wanama, anayamba kutuluka thukuta, poti amisiri onse anali atalipidwa kuti akhale chete, ndipo mawu ake okha anali atapepuka kale kamodzi.

Njati anatuluka panja akupuma mwamphamvu. Ulendo unali wautali, thupi lolemera, ndipo msana unkamuyabwa.

Sakhwi anayandikira, n'kugwada.

"Bwana woweruza, mwatopa. Mpando ukuchedwa. Tatsamirani khomali, mudzikandeko pang'ono. Ndi la chilimwe chatha, louma bwino."

"Mwana waulemu," anatero Njati, n'kuyamba kupendekera kukhoma.

"Ayi! Dikirani! Mpando ukubwera!"

Khwangwala anadziponya pakati pa Njati ndi khoma. Koma Njati akayamba kutsamira sabwerera panjira. Anamupanikiza phungu chifuwa kukhoma, phwatha! Khwangwala anapotokola kuti apulumuke, khosi nalo linapukuta khoma. Njati atamva kuti kumsana kwake kukulira kanthu, anasuntha.

Khwangwala anagwa pansi, n'kudzuka. Chifuwa chonse chinali mbuu, khosi lozungulira mbuu, laimu akudontha. Pakhoma panatsala chigamba chofiira, chooneka bwinobwino kuti apa panali phungu.

Kenako mwana wina wa Njiri anaseka, ndipo bwalo lonse linagwa nacho chiseko.

Njati anakhudza khoma ndi mphuno, mphuno inayera. "Olemekezeka, laimu wa chilimwe chatha ameneyu?"

"Dera lino ndi lachinyontho, bwana woweruza. Ndakhala ndikudandaula kunyumba ya malamulo."

"Nanga simenti yosauma ya kuseri kwa bafa, mmene munalowa phazi langa?"

"Zimenezi ndi ndale! Adani anga anyowetsa nyumbayi dala! A Kakowa ali kuti?"

Njati anabzikula pang'ono, n'kumeza. "Nyumba ilipo, bwalo laiona. Ndi ya mayi Njiri ndi ana awo, pamodzi ndi nkhokwe zake ndi loko wake."

"Koma bwana," analira Nguluwe, "mwambo umangofuna ya dothi ndi udzu!"

"Mboni yanu inati iyi. Munabwera nayo nokha mboniyo." Anatembenukira kwa Khwangwala. "Inu munalumbira kuti munakhala pakhonde ili chilimwe chatha, khonde lake laumbidwa dzana. Mayi uyu wagona modontha dzinja lonse ndi ana chifukwa cha mawu anu. Mpando mwatula. Umboni mwavala nokha pachifuwa, bwalo silikuvulani."

"Koma ine monga phungu..."

"A Khwangwala," anatero Njati, "khalani pansi."

Aka kanali koyamba kuti amve ataitanidwa popanda "Olemekezeka."

Anakasamba kumtsinje, anadzipukuta ndi mchenga, laimu sanachoke. Patapita masiku anayamba kuuza anthu kuti ndi malaya oyera, chizindikiro cha mtima wake. Mpaka lero mukapita kuseri kwa msika mumupeza ataima pamwamba pa dzala, suti yakuda, malaya oyera, akuchititsa msonkhano, ngakhale palibe woomba m'manja. Nguluwe naye, nkhokwe zitatha, wolima atapita, anayamba kulowa m'minda ya eni. Mukaona chinangwa chanu chafukulidwa, musafunse.

Njiri anapatsidwa kiyi. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kulowa chambuyo, maso ali panja, kuopa kuti wina angabwere kudzamutulutsa kachiwiri n'kunena kuti nyumbayo ndi yake. Ana ake anatengera, ndipo a Njiri onse amalowa m'nyumba choncho mpaka pano.

Anthu atabalalika, Sakhwi anali akupinda kansalu kake kakale kuti azipita. Njiri anatuluka.

"Mayi Sakhwi, bwanji simunandiuze? Ine dzinja lonse ndimakudandaulani mumtima."

"Nkhope yanu, achemwali. Mukadamwetulira pamsika, bwenzi tikuimbira mitengo inayi mpaka lero."

"Nanga nsalu ya chipani ija mudzailandiranso?"

"Ndidzafunsa a Kakowa. Nawonso ayamba kulonjeza."

Njiri anapita kunkhokwe, anatapa chimanga, anakonola, n'kutenga lichero. Bwalo lonse linali lake tsopano, lalikulu, losesedwa bwino, ndipo panalibe womuletsa kupatsa munthu poyera. Koma anazungulira kuseri, pamene panadutsa kanjira kobwerera kwa Sakhwi, n'kuyamba kupeta. Mphale inagwa yambiri kuposa gaga.

"Dzanja lija silinachirebe?" anafunsa Sakhwi.

"Silichira limeneli," anatero Njiri, osacheuka.

Nthano yathera pomwepa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule, koma ikagwa ina panjira musaitole, ili ndi mwini wake.